Mbiri ya Carl Linnaeus ndi Ulendo Wace wa ku Lapland

Tinka nanu kutari, ku malekezero a kumpoto kwa Ulaya, kumene dzuwa likhala masabata osalowa m'nyengo yina, ndipo m'nyengo yina likhala masabata osaturuka. Tifuna kukuuzani mbiri ya munthu amene anayenda m'dziko limenelo ali mnyamata wosauka, pa akavalo obwereka, nabwerako ndi mtolo wa masamba ouma ndi buku lodzala zolemba. Dzina lace ndiye Carl Linnaeus. Kapena simunalimve dzina limeneli. Koma cimanga ca m'nkhokwe mwanu, ndi mlambe wa kucigwa, ndi mvuu ya m'mtsinje, ziri ndi maina amene iye anazicha, ndipo ndi maina omwewo anthu ophunzira a m'maiko onse azidziwa kufikira lero.

Anabadwa m'mwezi wa May, caka ca 1707, pa mudzi waung'ono wa Råshult, kumwera kwa dziko la Sweden. Atate wace, Nils, anali mbusa wa mpingo, ndipo amace, Christina, anali mwana wa mbusa. Mwanayo akali wakhanda banja linasamukira ku Stenbrohult, m'mbali mwa nyanja, kumene mbusayo analima munda wa maluwa wosowa unzace m'dera lonselo. Carl anakulira m'munda umenewo. Anali kutsata atate wace pambuyo ndi kufunsa dzina la duwa liri lonse, naiwala, nafunsanso, kufikira tsiku lina atate wace anatopa naye, namuuza kuti sadzamphunzitsa dzina latsopano ngati ataya lakale. Kuyambira pomwepo mwanayo anagwiritsa maina mumtima mwace, osawataya.

Makolo ace anafuna kuti akhale mbusa monga atate wace ndi agogo ace, namtumiza ku sukulu ya ku Växjö. Koma kumeneko zinthu sizinayende. Cihebri ndi Cigriki zinamkanika, ndipo pamene anzace anali pa mabuku iye anali m'thengo kufuna zitsamba. M'caka ca 1726 atate wace anadza kudzafunsa za maphunziro ace, ndipo aphunzitsi anawauza poyera kuti mwanayo sadzakhoza ubusa, kuli bwino amphunzitse nchito ya manja. Mbusayo anaturuka ndi mtima wosweka. Koma panali sing'anga wina, Johan Rothman, amene anaphunzitsanso pa sukulupo. Iyeyu anaona cimene enawo sanacione, napempha kuti ampatse mnyamatayo, amphunzitse za mankhwala ndi za zomera m'nyumba mwace. Amace analira ndithu, pakuti masiku aja using'anga sunali nchito yolemekezeka monga ubusa. Potsiriza ubusa wa ku Stenbrohult unagwera mng'ono wace, Samuel.

M'caka ca 1727 Linnaeus analowa sukulu yaikuru ya ku Lund, ndipo caka cotsatira anasamukira ku ya ku Uppsala. Kumeneko anadziwa umphawi. Ndalama zimene atate wace anampatsa zinatha msanga, nadya ngongole, ndipo nsapato zace zitabooka anaika mapepala m'kati mwace. Tsiku lina ali m'munda wa sukulu, munthu wamkuru wa mpingo, Olof Celsius, amene anali kulemba buku la zomera zochulidwa m'Malembo, anampeza, namfunsa maina a zitsamba. Ndipo pakumva mayankho ace anazizwa, namtenga akhale kwace. Posacedwa mphunzitsi wamkuru wa zomera, Olof Rudbeck, anampatsa nchito yophunzitsa anzace m'munda momwemo, ali ndi zaka 23 zokha.

Rudbeck ameneyu anayendako ku Lapland m'caka ca 1695, koma zolemba zace zambiri zinapsya ndi moto waukuru umene unatentha Uppsala m'caka ca 1702. Nkhalambayo inali kusimba za dziko lija madzulo, ndipo mnyamatayo anamva, mtima wace nunka komweko. Lapland linali pansi pa mfumu ya Sweden, koma akuru a ku Uppsala anadziwa za dzikolo pang'ono cabe: mitengo yace, miyala yace, ndi anthu ace, amene adzichula okha Asami, ngakhale anzao anawacha dzina lina losawakondweretsa. Tsono Linnaeus analembera bungwe la anthu ophunzira a ku Uppsala, nawauza kuti ulendo wotere ufuna munthu wamng'ono msinkhu, wolimba thupi, wopanda mkazi ndi ana omlira akafa, wodziwa zomera ndi nyama ndi miyala; ndipo sanacite manyazi kuonetsa kuti munthuyo ndiye mwini. Anampatsa ndalama zamkuwa 400, ndizo zocepa pa ulendo wotere.

Pa 12 May 1732, monga anawerengera masiku kwao nthawi ija, anaturuka m'Uppsala ali yekha pa kavalo. Katundu wace yense mwana akadamsenza wopanda nkhata. M'thumba lacikopa munali malaya amodzi osinthira, cipeso, inki ndi zolembera, galasi lokuza tinthu tating'ono, galasi lina loonera kutari, nsaru yopyapyala yophimba kumaso cifukwa ca udzudzu, mapepala opanira masamba kuti aume, ndi buku lolembamo za tsiku ndi tsiku. M'cuuno anamanga lupanga lalifupi, pambali pa kavalo mfuti yaing'ono ya mbalame, ndi m'dzanja ndodo yoyesera utari wa zinthu.

Mseu unatsata gombe la nyanja ya Bothnia kulinga kumpoto, ndipo m'njiramo munali nyumba za alendo, pamene wapaulendo anasiya kavalo wotopa natenga wina. Munthu wacangu akadafulumira, koma uyu anadzicedwetsa yekha. Anali kutsika pa kavalo kawiri kawiri, kugwada m'mbali mwa njira pa kaduwa kapena pa mwala, kukayang'ana m'galasi, kuwerenga tiziwalo tace, ndi kukajambula m'buku. Akaona mpanda womangidwa mwacilendo, kapena khasu, kapena msampha, anajambulanso, nafunsa mwini wace nchito yace. Pafupi ndi mudzi wa Gävle anapeza kaduwa kakang'ono koyanga pansi m'nkhalango, kobala maluwa awiri awiri pa phesi limodzi, ndipo anakakonda koposa maluwa onse moyo wace wonse. Pa phiri lina anakwera ndi anthu a pomwepo kukaona phanga, ndipo mwala waukuru unagumuka nugwa pamalo pamene anangocokapo. Iye analemba kuti Mlengi ndiye anamsuntha. Atayenda masiku 11 anafika ku Umeå.

Apa anasiya mseu wa kugombe, nalowa m'kati mwa dziko kulinga ku mapiri, ndipo mabvuto anayamba. Kavalo amene anampatsa analibe cokhalira, koma kamtsamiro cabe, ndi cingwe m'malo mwa camkamwa. Njira inali miyala ndi mizu ndi matope, mvula irikugwa. Pamene njira inatha analowa m'bwato. Wopalasa wace anamdabwitsa: pofika pa mathithi anakoka bwato kumtunda, nalibvundikira pamutu pace, nathamanga nalo kudutsa zitunda, Linnaeus alikupuma wefuwefu pambuyo ndi katundu. Motero anafika ku Lycksele, kumene mbusa wa pamenepo ndi mkazi wace anamlandira. Kumeneko anamva kuti Asami anakakamizidwa kudza ku mapemphero pa masiku akuru, ngakhale mitsinje itasefukira ndi madzi ozizira, ndipo wosafika analipitsidwa. Mwana wa mbusayo sanakondwere nazo, nalemba za iwo mwacisoni.

Kucokera ku Lycksele anafuna kufika ku Sorsele, koma anasankha nyengo yoipa. Cipale cofewa ca m'mapiri cinali kusungunuka, ndipo dziko lonse linasanduka dambo. Tsono musaganize za madambo athu, amene madzi ace ali ofunda. Awa pansi pace panali madzi oundana, ndipo munthu anamira kufikira m'maondo, pena m'cuuno, miyendo nifa dzanzi. Anayenda motero usiku wonse, pakuti mdima kunalibe. Cakudya cace cinatha. Potsiriza womtsogolera anasokera, namsiya pa moto, nanka kukafuna munthu wodziwa njira. Atapita nthawi yaitari anabwera ndi mkazi wa Asami, wamfupi, nkhope yace yoda ndi utsi, zobvala zace zacikopa. Linnaeus pomuona anaopa, nayesa ngati si munthu. Koma mkaziyo anamyang'ana mlendoyo namcitira cifundo, namfunsa cimene cinamfikitsa ku malo a masautso otere. Namuuza kuti kutsogolo kulibe njira, mtsinje wadzala, abwerere kumene anacokera. Anafuna kumpatsa nsomba, koma zinali ndi mphutsi, ndipo mtima wace unakana; pamenepo mkaziyo anamgulitsa mkaka wouma woumbidwa ngati mkate. Ndi umenewo anabwerera, wofoka ndi wamanyazi. Dzina la mkaziyo sanalilembe. Ife tiyesa kuti pakadapanda iye, mabuku onse amene tidzachula m'munsimu sakadalembedwa.

Atapumula ku Umeå anatsatanso mseu wa kugombe, napitirira Skellefteå ndi Piteå kufikira ku Luleå. M'midzi ya alimi anaona njala imene kwao sanaione: anthu anasenda makungwa a mitengo, nawaumitsa, nawapera, nasanganiza ndi ufa pang'ono kuti aphike mkate. Tsiku lina anaona nsagwada ya kavalo wakufa iri gone m'mbali mwa njira. Wina akadaipitirira, iye anaitola, nawerenga mano ace, ndipo m'mtima mwace munalowa ganizo lakuti akadziwa mano a nyama iri yonse, kucuruka kwace ndi maonekedwe ace, ndi mabere ace ndi pamene akhala, akhoza kulongosola nyama zonse za miyendo inai m'mabanja ao. Ganizo limenelo analisunga zaka 26.

Kucokera ku Luleå anakwera ndi mtsinje kufikira ku Jokkmokk. Pamenepo anakangana ndi mbusa ndi mphunzitsi a pamalopo, amene anaumirira kuti mitambo ndi zinthu zolimba, zokhoza kunyamula mitengo ndi ziweto pokhudza phiri; ndipo pamene iye anawauza kuti mtambo ndiwo nkhungu cabe, yoti munthu ayendamo, anamseka. Anapitirira ku Kvikkjokk, ndipo pa 6 July anakwera phiri loyamba la mapiri akuru. Kumeneko mitengo inatha, ndipo pakati pa cipale cofewa panamera timaluwa tambirimbiri timene sanatione ndi kale lonse, kotero kuti anayesa ngati wafika ku Asia kapena ku Africa. Anakhala pansi, nayamba kutilongosola ndi kutilemba, osadziwa kuti nthawi yapita, kufikira womasulira wace anamkumbutsa kuti ulendo ukalipo. Sitimnena, pakuti dzuwa silinamuuze kanthu. Dziko lathu lapansi liyenda mozinga dzuwa litapendekeka, ndipo m'miyezi ya June ndi July nsonga yace ya kumpoto ipenyana ndi dzuwa usana ndi usiku; dzuwa litsika kufikira pamwamba pa mapiri, niliyenda cammbali, nilikweranso. M'miyezi ya December ndi January mangawa abwezedwa, ndipo mdima ukhala.

Masabata amene anakhala ndi Asami a kumapiri ndiwo mtima wa ulendo wonse. Cuma ca anthu awa ndi nyama imodzi, imene a ku Sweden aicha ren. Ikunga mphalapala yaing'ono, koma nyanga zace ziri ndi nthambi ngati mtengo, ndipo yaikazi yomwe iri nazo. Idya ndere zoyera za pansi, ndipo m'nyengo yozizira ikumba cipale ndi ziboda zace kuti izipeze. Asami aikama mkaka, adya nyama yace, abvala cikopa cace, asoka ndi mitsempha yace, ndipo ikoka zotengera zao pa cipale. Ziweto zikasamuka kufuna msipu, mudzi wonse usamuka nazo. Linnaeus anagona m'misasa yao yozungulira, imene utsi uturukira pa cibowo ca pamwamba, nadya zakudya zao zopanda mcere ndi zopanda mkate, ndipo sanaleke kufunsa. Anaona umo amai anagonekera khanda m'kabwato kacikopa, pa ndere zofewa zouma ndi ubweya, nasintha nderezo zikanyowa. Anaona umo munthu wapaulendo anadulira ndere zina zazitari ndi mpeni, cigamba cimodzi cogonera ndi cina cofunda. Anaphunzira kuti m'nsapato saika nsaru koma udzu woumitsa ndi wopesa, umene usunga mapazi pa cisanu coopsya. Udzudzu wa kumeneko ucuruka ngati utsi m'miyezi yofunda, ndipo anthu anadzola phula ndi mafuta, nakhala m'utsi dala. Iye anazindikira kuti utsi womwewo ndiwo unawadwalitsa maso.

Cinthu cina anacifufuza mwa iye yekha. Anaona kuti tsiku lofunda ziweto zonse zinjenjemera, kuponda ponda ndi kuthawira ku cipale, cifukwa ca nchenche imodzi yaubweya youluka pamwamba pao. Anaigwira, naiyang'ana m'galasi, napeza kuti iikira mazira pa ubweya wa nyamayo, ndipo mphutsi zace zikhala pansi pa cikopa ca pamsana nyengo yonse yozizira, ndi kuturuka pobowola. Ndico cifukwa cace zikopa zambiri zinali ndi mabowo.

Pamodzi ndi Asami awiri anaoloka mapiri kunka ku Norway. Anayenda masiku pa cipale cosasungunuka, mphepo ndi matalala zirikuwomba kumaso, malaya onyowa ndi thukuta naumira pathupi. Pamene anatsikira ku gombe la Sørfold anapeza kufunda, udzu wautari ndi ng'ombe. Anamwa mkaka wa ng'ombe, nakhala pa mpando, nayamika. Iye, mnyamata wa zaka 25, anagona pansi wolefuka. Koma anzace aja, wina wa zaka 50 ndi wina wa zaka 70, amene anasenza katundu njira yonse, anali kuthamanga ndi kusewera. Cinthuci cinamlasa mtima, ndipo monga mwa khalidwe lace anakhala pansi nalemba zifukwa zace: nsapato zao ziribe zidendene zazitari, azolowera kuthamanga ndi ziweto kuyambira ubwana, ndipo sadzaza mimba ndi cakudya cambiri. Pobwerera pa mapiri omwewo cipale cinabooka pansi pace, nagwa m'dzenje lakuya lokumbidwa ndi madzi, ndipo Asami omwewo anamturutsa ndi cingwe.

Atatsikanso ku nyanja ya Bothnia anafika ku Tornio, pa nsonga ya kumpoto ya nyanjayo, ndipo kumeneko anagwira nchito imene woweta ali yense adzaimvetsa. Anthu a pamenepo anamdandaulira kuti caka ndi caka ng'ombe zao zambiri zifa, zikangoturuka m'makola pakutha pa nyengo yozizira. Zitupa mimba, zigwa, zipalapata, ndi kufa. Ena ananena madzi, ena mpweya woipa, ena zina. Linnaeus sanatsutsane nao, koma anapempha amuonetse dambo limene ng'ombezo ziyamba kudyako. Anayendamo, napeza citsamba ca ululu cimera pambirimbiri m'mbali mwa madzi, muzu wace wonenepa, wa timapanga m'kati ndi madzi acikasu. Ng'ombe zokhala m'khola miyezi yambiri pa udzu wouma zituruka ndi nkhuli ya msipu wauwisi, ndipo zidya ciri conse cobiriwira, osasankha. Pakati pa caka, msipu utacuruka, zicilambalala. Anawauza kuti alembe anthu ocepa azule citsambaco, pakuti mtengo wa nchitoyo ucepa poyesa ndi ng'ombe zakufa. Citsambaco anacicha pambuyo pace Cicuta virosa.

Anabwerera kwao pozungulira tsidya lina la nyanja, m'dziko la Finland, limene masiku aja linali la mfumu ya Sweden, nafika ku Turku, naoloka pa ngalawa kudzera pa zisumbu za Åland. Pa 10 October analowanso m'Uppsala, atayenda miyezi isanu ndi mailosi oposa 1,200, ali ndi zomera ngati 100 zimene anthu ophunzira sanazilembepo kale.

Pano tiyenera kunena cinthu cosakoma. Popereka mbiri ya ulendo wace kwa akuru amene anamtuma, Linnaeus anaonjezera mailosi, nawerengeranso ulendo wina wa m'kati mwa dziko umene sanauyende monga anaunenera, poyembekeza kuti amuonjezera ndalama. Anthu a m'mbuyo muno, polinganiza kalatayo ndi buku lace la tsiku ndi tsiku, anaona kusiyanako. Anali wosauka ndithu, ndi wa ngongole. Koma ulendo woona unali wokwanira kumcitira ulemu, ndipo bodzalo silinamuonjezere kanthu.

M'caka ca 1735 ananka ku Holland, atatomera Sara Elisabeth Moraea, mwana wa sing'anga wa ku Falun. Ku Harderwijk analandira cikalata ca using'anga ndi kabuku konena za malungo, amene masiku aja anabvuta ku Sweden komwe. M'kabukumo ananena kuti malungo adza ndi dothi la makande la m'madzi akumwa. Anaphonya, munthu amene udzudzu unamdya cotero ku Lapland sanauganizire konse, ndipo coonadi cinadikira Ronald Ross m'caka ca 1897. Caka comweco ca 1735 anasindikiza Systema Naturae, buku la masamba akuru ocepa, m'mene anandandalika miyala, zomera ndi nyama m'magulu ao. Zomera anazigawa powerenga tiziwalo tacimuna ndi tacikazi ta m'duwa. Mlimi wa cimanga adziwa kale za izi, pakuti ngaiyaye ya pamwamba ndiyo yacimuna, ndi ndebvu za pa cisononkho ndizo zacikazi, ndipo pfumbi la ngaiyaye likapanda kugwera pa ndebvu, maso a cimanga sakhala. Munthu wacuma, George Clifford, anamuika woyang'anira munda wace, ndipo m'menemo Linnaeus anabalitsa nthoci m'nyumba yofunditsa, poithira madzi ambiri monga mvula ya kwao kwa nthoci; anthu anadza kucokera kutari kudzaona. M'caka ca 1737 linaturuka buku la zomera za ku Lapland, Flora Lapponica, lochula mitundu 534, pamodzi ndi nchito zimene Asami anagwira nazo. Kaduwa kaja ka ku Gävle, bwenzi lace Gronovius anakacha Linnaea, ndipo dzina lace lonse lero ndi Linnaea borealis.

Ku Holland anakonda kubvala zobvala za Asami pamaso pa akuru, ndi ng'oma yao ya maula m'dzanja, najambulitsa cithunzi cace cotero. Ng'oma zotere atumiki a mpingo anali kulanda kwa eni ace ndi kuzitentha m'zaka zomwezo. Iye anayenda nayo yace ngati cokometsera, ndipo inamthandiza kuchuka.

Anabwerera ku Sweden m'caka ca 1738, nakwatira Sara m'caka ca 1739, ndipo m'caka ca 1741 anakhala mphunzitsi wamkuru ku Uppsala, kumene kale anayenda ndi mapepala m'nsapato. Nchito yace yoposa zonse inaoneka m'caka ca 1753, m'buku la Species Plantarum. Kufikira pamenepo dzina la comera m'mabuku linali mzere wonse wa mau a Cilatini, pena khumi kapena kuposa, ndipo mlembi ali yense anali ndi mzere wace. Linnaeus anapatsa comera ciri conse mau awiri okha, monga munthu ali ndi mfunda wace ndi dzina lace: loyamba la banja, laciwiri la mwini. Anatero ndi mitundu pafupi 6,000. Cimanga cinakhala Zea mays, mtedza Arachis hypogaea, fodya Nicotiana tabacum. Mlambe anaucha Adansonia digitata, pokumbukira Michel Adanson amene anauona ku Senegal. M'caka ca 1758 anacita comweco ndi nyama zoposa 4,000, ndipo ganizo lija la pa nsagwada ya kavalo linabala: nyama zonse zoyamwitsa anaziika m'gulu limodzi, nalicha Mammalia, ndiko kunena za mabere. Mleme unalowa m'menemo, osati kwa mbalame. Namgumi anaturuka kwa nsomba nalowa momwemo. Ndi munthu yemwe, amene anamucha Homo sapiens.

Koma m'buku lomwelo muli tsamba limene liticititsa cisoni. Anagawa anthu monga mwa maiko ao ndi khungu lao, napatsa gulu liri lonse makhalidwe ace; a ku Ulaya anawanenera zabwino, ndi a ku Africa anawanenera ulesi ndi kucenjerera. Ku Africa sanapondeko. Munthu amene sanalole kucha kaduwa dzina asanakayang'ane m'galasi, amene anagwada m'dambo la ku Tornio m'malo momvera zonena za anthu, pano analemba za mitundu yonse ya anthu pongomva zonena za ena. Mau amenewo ena anawatola pambuyo pace, nawayesa umboni wa anthu ophunzira pocepsa anzao. Ofufuza a masiku ano apeza kuti magawo otere alibe maziko m'thupi la munthu.

Iye mwini sanayendenso ulendo wautari kunja kwa Sweden, koma anatuma ophunzira ace, amene anawacha atumwi ace. Pehr Kalm ananka ku America, Daniel Solander anazungulira dziko lapansi ndi James Cook, Anders Sparrman ndi Carl Peter Thunberg anayenda ku Cape, ndipo Thunberg anafika ndi ku Japan komwe. Ena sanabwere. Fredrik Hasselquist, amene anakaona zomera za ku Palestina ndi ku Aigupto, anafera ku Smyrna m'caka ca 1752. Pehr Löfling ku Venezuela m'caka ca 1756. Peter Forsskål ku Yemen m'caka ca 1763. Mkazi wamasiye wa mtumwi woyamba, Christopher Tärnström, anamnenera Linnaeus kuti ndiye anasandutsa ana ace amasiye, ndipo kuyambira pamenepo anafuna kutuma osakwatira okha. M'caka ca 1761 mfumu inamkweza akhale mfulu ya dziko, ndipo anachedwa Carl von Linné. Pa cizindikiro ca banja lace anaikapo kaduwa kaja.

M'caka ca 1774 nthenda yakufa ziwalo inamgwira, nibweranso m'caka ca 1776, nimlanda mbali ya kumanja ndi cikumbukiro cace. Mwana uja wa m'munda wa ku Stenbrohult anayambanso kutaya maina, a maluwa, a abwenzi, potsiriza ndi lace lomwe. Anali kutsegula mabuku ace, nakondwera nao, osadziwa kuti anawalemba ndiye. M'mwezi wa December 1777 anauza wanchito wace amkweze pa cokoka ca pa cipale, ampereke ku munda wace wa ku Sävja, kunja kwa mudzi, a m'nyumba osadziwa. Atamfunafuna anampeza m'nyumba yophikira ya kumeneko, ali gone pafupi ndi moto, kaliwo ali pakamwa, wokondwa. Anamwalira pa 10 January 1778, namuika m'kacisi wamkuru wa ku Uppsala.

Mwana wace wamwamuna atamwaliranso m'caka ca 1783, mkazi wamasiye anagulitsa mabuku, makalata ndi masamba onse ouma kwa mnyamata wa ku England, James Edward Smith, ndipo zinanka ku London pa ngalawa m'caka ca 1784. Pakati pa katunduyo panali buku lija la tsiku ndi tsiku la ku Lapland, limene mwini wace sanalisindikize. Smith analiturutsa m'Cingelezi m'caka ca 1811. Buku lenilenilo lisungidwa ku London ndi bungwe lochedwa ndi dzina la Linnaeus, ndi zithunzi zace za misasa, za kabwato ka khanda, ndi za munthu wothamanga ndi bwato pamutu.